Kubwezeretsa mtundu wa kufakitale pa njinga yamoto: nambala ya penti ndi poyambira chabe

Anthu ambiri akafuna kupentanso njinga yamoto kuti ioneke monga inatulukira kufakitale amayesa kuti nkhani yonse yagona pa nambala ya penti. Nambalayo ndi yofunika ndithu. Koma anthu awiri atagawana chitini chimodzi, wina n'kupopera m'mawa wina masana, wina pamwamba pa primer (penti yapansi yoyamba kupaka) yoyera wina pa yotuwa, mathanki awo akhoza kusiyana moti ngakhale mwana aona. Mtundu womwe diso limaona pa thanki umachokera pa chimene chili pansi pa penti, pa pentiyo, pa kuchuluka kwa miyalo yake, ndi pa dzanja la wopopera. Nambala imangotsimikizira chimodzi mwa zinayizi.

Musanagule kalikonse, gamulani kaye kuti mukutsata mtundu uti. Njinga yomwe yakhala padzuwa zaka 10 siili ndi mtundu womwe inabwera nawo. Penti yofiira ndi ya candy (yoonekera mkati, yopoperedwa pamwamba pa siliva kapena golide) ndiyo imasuluka msanga, yoyera imayamba kupendekera ku chikasu, ndipo pamwamba pa thanki pamasuluka kuposa m'mbali. Ngati mukupenta njinga yonse, tsatani mtundu wa kufakitale. Ngati mukupenta thanki yokha, makava a m'mbali ndi madigadi n'kuzisiya momwe zilili, penti yolondola kwambiri ndi imene ioneke ngati yolakwika, chifukwa idzakhala yowala pakati pa zinthu zosuluka. Pamenepo ndi bwino kupempha wosakaniza penti kuti atsate mtundu wosulukawo osati nambala. Malangizo athu ndi oti zonse zokhala ndi mtundu umodzi zipentedwe tsiku limodzi, kuchokera m'kapu imodzi. Njinga ilibe malo otambalala ngati galimoto oti n'kusungunulirapo penti yatsopano mu yakale pang'onopang'ono, ndiye kusiyana kulikonse kumaonekera poyera.

Komwe nambala imabisala

Honda ndiye amaphweketsa zinthu. Njinga zake zambiri zili ndi kalebulo kolembedwa COLOR ndi CODE pansi pa mpando, pa madigadi yakumbuyo kapena pa fulemu. Zilembo zoyambirira zimanena banja la mtundu: R ndi yofiira, Y ndi yachikasu, PB ndi ya buluu, NH ndi yakuda, yoyera, yotuwa ndi ya siliva. NH-1 ndi yakuda wamba. Chilembo chakumapeto ndicho chofunika kuposa zonse, chifukwa chimakuuzani ntchito yomwe ikukudikirani: M ndi metallic, P ndi pearl, C ndi candy. Suzuki amagwiritsa ntchito zizindikiro zitatu, monga YSF ya buluu wa Triton. Girini wotchuka uja wa Kawasaki amadziwika ndi 777. Yamaha nthawi zambiri salemba dzina la penti pa njinga. Pa kalebulo kake pamakhala nambala ya modelo ndi chilembo cha mtundu, ndipo dzina lenileni mumakalipeza m'buku la masipeya a modeloyo. Buluu wa njinga zake zambiri zampikisano ndi DPBMC, nambala 0564, ndipo yakuda ndi 0033.

Nambala ya chesesi, ija ya zizindikiro 17, sinena mtundu. Imathandiza kudziwa modelo ndi chaka, ndipo chaka chikadziwika mitundu yoti musankhepo imatsala iwiri kapena itatu. Chenjerani ndi dzina lokha. Kampani imodzi ikhoza kukhala ndi mitundu yofiira yambirimbiri ya mayina oyandikana, ndiye kungonena kuti "yofiira ya Honda" sikuthandiza wosakaniza.

Njinga zambiri za ku India ndi ku China zomwe akabaza amakwera, monga Boxer, TVS ndi Lifan, kawirikawiri sizipezeka m'makompyuta a osakaniza penti ya galimoto. Apa mufunika chitsanzo. Funani malo omwe dzuwa silinafikeko: kunsi kwa thanki, pansi pa baji, pamene mpando umaphimba thanki kumbuyo, kapena kuseri kwa kava ya m'mbali. Patsukeni ndi sopo, mupapukute ndi compound (phala lopukutira penti) yosalala mpaka pawale, chifukwa utoto wotuwa ndi litsiro umanamiza. Dziwani kuti kunsi kwa thanki fakitale sinkapoperako mokwanira. Pa penti wamba palibe vuto, koma pa candy kunsiko kumakhala kopepuka kuposa mmene pamwamba panalili. Makina owerengera mtundu omwe mashopu ena akuluakulu ali nawo amafuna malo afulati, ndiye atengereni kava osati thanki yozungulira. Ndipo zomwe makinawo atulutse ndi zongoyandikira, zofunika kuzikonzabe ndi diso.

Mitundu inayi, ntchito zinayi

Penti wamba, yopanda tonyezimira, ndiyo yosavuta. Mukaphimba bwino pansi, mtundu umakhala womwewo ngakhale mutawonjezera koti ina. Vuto lake lili pa yofiira, yachikasu ndi ya olenji. Kale mitundu imeneyi inkapangidwa ndi utoto wokhala ndi mtovu, womwe unkaphimba kwambiri. Ya masiku ano ilibe mtovu ndipo siphimba msanga, motero primer yapansi imasuzumira. Yofiira yopoperedwa pa primer yakuda imaoneka yoderako, pomwe pa yoyera imaoneka yowala. Makampani a penti amatchula mtundu wa primer woyenera pa fomula iliyonse, ndipo funso limeneli muzifunsa pogula. N'chifukwa cha mtovu womwewo kuti penti ya njinga zakale siyenera kupalidwa youma popanda chotchinga mphuno.

Metallic ili ndi tizidutswa ta aluminiyamu, ndipo mtundu umadalira mmene tizidutswato tagonera. Mukapopera monyowa kwambiri, gani yopopera ili pafupi kapena thina ali wochedwa kuuma, mtundu umada. Mukapopera mouma, gani ili patali kapena mpweya uli wambiri, umayera. Penti yomweyo, mitundu iwiri. Pearl, yonyezimira ngati ngale, imachita chimodzimodzi, koma ina imabwera m'miyalo itatu: mtundu wapansi, muyalo wa pearl woonekera mkati, kenako clear, yomwe ndi vanishi wopanda mtundu wotetezera pamwamba.

Candy ndiyo imagonetsa anthu ndi njala. Honda CB750 ya 1969 inatuluka mu Candy Ruby Red ndi Candy Blue Green, ndipo mafakitale a ku Japan akhala akuikonda kwa zaka zambiri. Pansi pamakhala siliva kapena golide wonyezimira, pamwamba pake utoto woonekera mkati, kenako clear. Kuwala kumadutsa mu utotowo, kukagunda siliva, n'kubwerera. Zili ngati tiyi wopanda mkaka m'kapu ya galasi: akachepa mumaona pansi pa kapu, akachuluka amada, koma tiyi ndi yemweyo. Choncho candy ilibe mtundu umodzi. Makoti 3 ndi mtundu wina, makoti 5 ndi wina, ndipo mukapyola palibe njira yobwerera kupatula kuyambiranso pa siliva. Kukula kwa tizidutswa ta silivayo nakonso kumasintha zinthu. Njinga zakale za ku Japan zinali ndi siliva wosalala, ndiye mukaika wokhala ndi tizidutswa tikulutikulu thanki imawala mokongola koma osati monga ya kufakitale.

Kakhadi koyesera

Wosakaniza amayeza utoto uliwonse pa sikelo mpaka gawo limodzi mwa 10 la gilamu. Mukaitanitsa mamililita 100 okha, utoto wina umafunika dontho limodzi kapena awiri, ndipo dontho limodzi lopyola limasuntha mtundu wonse. Gulani yokwanira pakamodzi. Pa njinga yaing'ono ya 125 kapena 150, thanki, makava awiri ndi madigadi awiri zimadya pafupifupi theka la lita ya basecoat (penti ya mtundu yomwe imakhala pansi pa clear) yosasungunula, yomwe imakwana lita mukathira thina. Primer yodzaza mabowo ndi clear, chilichonse theka la lita mpaka lita imodzi, kuphatikizapo hardener yake, mankhwala othiramo kuti ilimbe. Yofiira ndi yachikasu muziwonjezerako. Penti yotha pakati pa ntchito ndi tsoka, chifukwa yokasakanizidwa kachiwiri sifanana ndendende ndi yoyamba.

Musapopere pa thanki musanayese pa kakhadi kapena kachitsulo kopyapyala. Kuviika chala kapena kamtengo m'chitini n'kuyerekeza ndi njinga ndi kudzinamiza, popeza penti yonyowa simaoneka ngati youma, ndipo metallic yosapopera sinena chilichonse. Kachitsuloko kaikeni primer yomweyo, mupopere ndi gani yomweyo pa mpweya womwewo, muike ndi clear yomwe, chifukwa basecoat yopanda clear imaoneka yotuwa. Kakauma kapindeni pang'ono kuti kafanane ndi kuzungulira kwa thanki, mukagunditse pa chitsanzo chanu, mutuluke nako panja. Yang'anani molunjika, kenako chapambali, kenako mopendeketsa kwambiri. Metallic ikhoza kufanana molunjika koma n'kusiyana chapambali. Kuwala kwa masana pamthunzi wowala ndiko kwabwino. Mababu a m'galaja amapusitsa: mitundu iwiri yofanana pansi pa babu ikhoza kusiyana padzuwa, chifukwa utoto wake wamkati ndi wosiyana.

Ngati pakufunika kukonza, yambani ndi kuda kapena kuyera kwake, kenako kumene mtundu wapendekera, pomaliza ukali wake. Wonjezerani utoto wokhawo womwe uli kale mu fomula, pang'onopang'ono, mukulemba gilamu iliyonse. Metallic simayeretsedwa ndi penti yoyera, yomwe imapha kunyezimira. Mumathira siliva.

Pa candy ndi pearl ya miyalo itatu, kakhadi kamakhala ka makwerero. Poperani siliva pa kachitsulo kotalika, kagaweni m'zigawo 5 kapena 6. Poperani koti imodzi ya candy pa konse, phimbani chigawo choyamba ndi pepala, poperaninso, phimbani chachiwiri, mpaka kumapeto. Chotsani mapepala, ikani clear pa konse. Tsopano muli ndi zigawo zoonetsa koti 1, 2, 3 mpaka 6, ndipo chomwe chafanana ndi chitsanzo ndicho chikuuzani makoti oti mupopere. Lembani kuseri kwake mlingo wa thina, mpweya ndi kutalika kwa gani. Ola limodzi lomwe mungataye apa ndi lotsika mtengo kuposa kupala thanki kachiwiri.

Kukonza thanki

Musanapale chilichonse, jambulani zithunzi ndi kuyeza pamene mizere ndi masitika zili. Yalani pepala lopyapyala pa thanki, mudinde mizereyo ndi pensulo, mulembe kutalika kwake kuchokera pa chivindikiro ndi pa msoko wakunsi. Anthu amakumbukira izi penti yakale itapita kale. Sungani chinthu chimodzi chosapala mpaka mtundu utagwirizana.

Khuthulani petulo, chotsani kampopi ndi choyezera mafuta, tsukani mkati ndi madzi otentha a sopo kangapo, muumitse. Thanki yopanda petulo ndi yoopsa kuposa yodzaza, chifukwa nthunzi yotsalayo ndiyo imaphulika. Osawotcherera kapena kuyandikiza chopukusira chotulutsa moto pa thanki yomwe ikununkhabe petulo. Dzimbiri lamkati lichotsedwe tsopano, penti isanapakidwe, poti mankhwala a asidi ochotsera dzimbiri akadontha pa penti yatsopano amaiwononga. Yesaninso ngati ikudontha. Tsekani mabowo, ikani mpweya wochepa kwambiri, osapyola 0.2 bar, mupake madzi a sopo m'misoko. Mpweya wambiri umatupitsa thanki. Kabowo kosaoneka ndi maso kamatulutsa nthunzi ya petulo yomwe imadzatukumula penti ngati chithuza patapita milungu.

Kuti mudziwe ngati penti yakale ingakhale pansi pa yatsopano, nyowetsani kansalu ndi thina, mukagwirizize pamalo obisika kwa mphindi imodzi. Ikafewa kapena kutsalira pa kansalu, ndi penti ya 1K, yopanda hardener, mwina ya m'zitini zopopera, ndipo ikakumana ndi thina wa penti yatsopano idzachita makwinya. Imeneyo ichoke yonse. Ya kufakitale yomwe ili yolimba, yopanda ming'alu ndi dzimbiri, ndi maziko abwino, ingokwechedwa ndi sandipepa wa P400 (nambala ikamakula, sandipepa amakhala wosalala) mpaka kuwala kuthe. Masitika omwe ali pansi pa clear ayenera kupalidwa mpaka afafanizike, apo ayi chithunzi chake chidzaonekera mu penti yatsopano.

Popala mpaka pachitsulo yambani ndi P80 kapena P120, mumalize ndi P180. Pukutani ndi mankhwala ochotsera mafuta pogwiritsa ntchito nsalu ziwiri, ina yonyowetsa ina youmitsa madziwo asanaume okha. Petulo si wotsukira, amasiya mafuta. Chitsulo chopalidwa chisagone usiku chili pamtunda, makamaka nthawi ya dzinja, ndipo musachigwire ndi manja chifukwa thukuta limasiya dzimbiri looneka ngati chala.

Malo obonyoka akokedwe kaye mpaka atatsala pang'ono kufanana, fila (phala lodzazira pobonyokapo) isapyole mamilimita 3. Hardener ya fila ndi magawo 2 kapena 3 pa 100. Ikachepa fila siuma mkati. Ikachuluka imadzatulutsa banga lachikasu kapena lofiirira pa penti yoyera ndi ya siliva. Fila imapakidwa pa chitsulo kapena pa epoxy primer, osati pa etch primer, yomwe asidi wake sagwirizana nayo. Ndipo fila sikwechedwa ndi madzi. Imamwa madziwo, n'kuwasunga, chitsulo n'kumachita dzimbiri pansi pake. Mwa ma primer awiriwa, pa thanki timakonda epoxy chifukwa imatseka chinyezi. Pamwamba pake poperani makoti 2 kapena 3 a primer yodzaza ya 2K, kutanthauza yothira hardener, yomwe kawirikawiri imasakanizidwa magawo 4 a primer kwa 1 la hardener, ndi gani ya kamwa la mamilimita 1.7 kapena 1.8. Ikauma, wazani kautsi ka penti yakuda pamwamba, mukweche ndi sandipepa wokulunga pa kachipika. Pomwe pakuda patsalira ndi pamene pali dzenje. Malizani ndi P500 kapena P600 pa penti wamba, P800 ya madzi pa metallic ndi candy, chifukwa tizidutswa ta siliva timagwera m'mikwingwirima ya sandipepa n'kuionetsa.

Pulasitiki ili ndi malamulo ake. Tembenuzani kava muone chidindo kuseri. ABS imagwira penti bwino koma thina wamphamvu ndi mankhwala osendera penti zimaisungunula. PP ndi PE, zomwe madigadi ambiri a njinga za m'tchire amapangira, sizigwira penti popanda plastic primer yopyapyala, ndipo zambiri mwa izo fakitale sinazipente n'komwe, mtundu uli mu pulasitikimo. Zoterozo kugula zatsopano kumaposa kupenta. Pulasitiki isakwechedwe ndi sandipepa wokhakhala kuposa P320, imachita ubweya.

Kupopera

Basecoat yambiri imasungunulidwa ndi thina 1 kwa 1, koma pepala la malangizo la kampani yomwe mwagulako ndilo lomaliza kulankhula, ndipo thina, hardener ndi clear zikhale za kampani imodzi. Gani ikhale ya kamwa la mamilimita 1.3 kapena 1.4, mpweya pafupifupi 2 bar poyezera pa gani pomwepo chowombera chitakokedwa, kutalika masentimita 15 mpaka 20. Gani yaikulu imadya mpweya wa malita 250 mpaka 400 pa mphindi, ndipo kompuresa yaing'ono ya malita 24 singakwanitse. Mpweya umatsika muli pakati pa thanki, mbali ina n'kuda kuposa inzake. Pa kompuresa yotere gani yaing'ono ya 1.0 kapena 1.2 ndiyo yoyenera, ndipo pa njinga imakwanira. Khuthulani madzi mu kompuresa m'mawa uliwonse, muike chosefera madzi pafupi ndi gani. Kumene magetsi amathimathima, musathire hardener musanatsimikize, poti clear yosakaniza imayamba kulimba m'kapu pakangotha ola limodzi kapena awiri, ndipo kukatentha imafulumirapo.

Ikani thanki pa chothandizira choti muzitha kuizungulira ndi kufika kunsi. Makava aimikeni monga amakhalira pa njinga, chifukwa metallic yopoperedwa chogona imasiyana ndi yopoperedwa choimirira. Sefani penti, pukutani ndi kansalu komata fumbi, yambani ndi m'mphepete ndi kunsi. Mzere uliwonse uphimbe theka la wam'mbuyo. Pakati pa makoti dikirani mphindi 10 mpaka 15, mpaka kuwala kwa kunyowa kuthe. Makoti 2 kapena 3 amakwanira. Pa metallic malizani ndi koti yopepuka, gani itatalikirako pang'ono, kuti tizidutswa tigone mofanana.

Candy imafuna mizere yophimbana kwambiri, pafupifupi magawo atatu mwa anayi, ndipo dzanja liyende kuchokera kumutu kwa thanki mpaka kumchira osaima. Pomwe mwaima kapena kubwereza pamada. M'mphepete ndi m'makona ndi momwe mumada msanga chifukwa mumalandira penti kuchokera mbali ziwiri, choncho pa candy musayambe ndi kuzungulira m'mphepete monga muchitira ndi penti ina. Zigawo zonse zilandire koti yoyamba, kenako zonse yachiwiri, mukuwerenga mokweza ngati n'kofunika. Candy ikayenderera palibe kukwecha, chifukwa pokwechapo pamayera.

Masitika a pa thanki amatetezeka akakhala pansi pa clear. Njira yosaika ntchito pachiswe ndi kupopera koti imodzi ya clear, kuisiya iume usiku, kuikwecha ndi P800, kenako kumata masitika pa madzi okhala ndi kadontho ka sopo kuti muthe kuwasuntha. Finyani madzi onse, dikirani maola 24, mupopere clear ina, koti yoyamba yopepuka kuti thina asadye inki kapena kutukula m'mphepete. Koma onani kaye mmene fakitale inachitira. Pa makava a njinga zambiri masitika anali pamwamba, ndipo wofuna zenizeni za kufakitale awasiye pamwamba pomwepo.

Clear ya thanki iyenera kukhala ya 2K, yokhala ndi hardener, yomwe kawirikawiri imasakanizidwa 2 kwa 1 ndi thina wosapyola magawo 10 pa 100. Clear ya 1K ya m'zitini wamba imafewa ikangokhudzidwa ndi petulo. Ku Malawi petulo wakhala akusakanizidwa ndi ethanol kuyambira 1982 pomwe fakitale ya ku Dwangwa inayamba kupanga, ndipo ethanol nayenso amasungunula penti yofooka. Wopanda kompuresa angagwiritse ntchito zitini za 2K zokhala ndi batani kunsi, zomwe mukaziboola zimagwira ntchito pafupifupi masiku awiri basi. Poperani makoti awiri, yoyamba yonyowa pang'ono, yachiwiri yodzaza. Pakamwa pa thanki, pomwe labala ya chivindikiro imakhala, pasapentedwe. Phimbanipo ndi tepi kuti penti ithere kunja kwa mkomberowo, chifukwa ikalowa mkati petulo amalowa pansi pake n'kuyamba kuisenda kuchokera pamenepo.

Hardener ya 2K ili ndi mankhwala a isocyanate omwe amayambitsa mphumu, ndipo munthu akangoyamba kudana nawo, ngakhale kafungo kochepa kamamutsekereza chifuwa moyo wake wonse. Ku Britain bungwe la HSE, loona za chitetezo cha anthu pa ntchito, limalamula kuti wopopera penti yotere avale chophimba nkhope cholandira mpweya wabwino kudzera m'paipi. Kansalu kokulunga pamphuno ndi kamasiki ka fumbi sizitchinga kanthu. Pomwe chophimba cha mpweyacho palibe, chochepetsetsa ndi masiki ya makatiriji atsopano a makala ndi sefa ya fumbi, magolovesi, zovala zophimba thupi lonse, malo opita mphepo, ndipo ana ndi oonerera atalikire. Chizolowezi chakumwa mkaka mukamaliza kupopera sichichotsa chilichonse m'mapapo.

Nyengo ndi zolakwika zake

Zolakwika zambiri zimachokera pa kusagwirizana kwa thina ndi nyengo. Mu Okutobala, makamaka kuchigwa cha Shire komwe kutentha kumafika madigiri 40, thina ndi hardener zofulumira zimaumitsa penti isanayale. Pamwamba pamakhala pokhakhala ngati khungu la lalanje, kapena pamatuluka timabowo ting'onoting'ono chifukwa khungu lapamwamba latseka thina akadali mkati. Kutentha kukapyola madigiri 30 gwiritsani ntchito zochedwa, mupopere m'mamawa, ndipo thanki yongopoperedwa kumene musaiike padzuwa. M'dzinja, kapena chiperoni chikagwa ku Blantyre, Thyolo ndi Mulanje, vuto limatembenuka. Thina akamauluka amaziziritsa chitsulo, chinyezi n'kukhala pa penti, yomwe imatuwa ngati yathiridwa mkaka. Tsiku lotero ndi lokwecha, osati lopopera.

Timaenje tozungulira tooneka ngati maso a nsomba timabwera ndi silikoni kapena mafuta: polishi wa matayala ndi mipando, mafuta opopera tcheni, kapena oyilo wa kompuresa wodutsa m'paipi. Wina akapopera polishi pa njinga ina m'galaja momwemo, n'zokwanira kuwononga ntchito yanu. Mizeremizere mu metallic imasonyeza gani yopendekeka kapena mizere yosaphimbana mokwanira. Mikwingwirima yotulukira patapita milungu iwiri ndi ya primer yomwe inakwechedwa isanaume, kapena yomwe inaphimba mikwingwirima ya P80 n'kudzanyala pambuyo pake. Kuyenderera kwa clear ndi fumbi sizodetsa nkhawa. Zikauma maola 24 kapena kuposerapo, salazani ndi P1500, P2000 mpaka P3000 ya madzi, mupukute ndi compound. Samalani m'makona, poti clear yonse ndi yopyapyala pafupifupi ma micron 50 mpaka 60 (micron ndi gawo limodzi mwa 1000 la milimita) ndipo pakona imabooka msanga. Musasalazenso mopyola muyezo. Penti ya kufakitale inali ndi kukhakhala pang'ono, ndipo thanki yowala ngati kalilole imadziulula yokha kuti ndi yopentedwanso.

Fulemu ndi injini tingozidutsa mwachidule. Yakuda ya fulemu pa njinga zambiri si yowala kwambiri, ndiye yerekezani ndi pansi pa thanki musanasankhe. Nambala ya chesesi isakwiririke ndi penti yochindikala, chifukwa apolisi ndi a Road Traffic amafuna kuiwerenga, ndipo pomangira waya wa earth papalidwe. Injini imafuna penti yopirira kutentha, ekizozi yofika madigiri 600. Ngati njinga inapentedwapo mtundu wina ndipo mapepala ake anasinthidwa, kubwerera ku mtundu wa kufakitale kukufunanso kukonza mapepalawo.

Clear ya 2K imagwirika tsiku lotsatira, koma imapitiriza kulimba kwa sabata yathunthu. Petulo adikire masiku 7, ndipo ulendo woyamba thirani ndi fanulo, nsalu ili pafupi. Polishi wa phula adikire mwezi. Pomanga, yalani bulangete pa fulemu, bwezerani malabala onse omwe thanki imakhalira, ndipo mutembenuze chiwongolero mbali zonse ziwiri pang'onopang'ono kuti muone ngati maswitchi sakugunda thanki. Ngati njinga ili ndi mabuleki a mafuta, phimbani thanki musanatsegule kabotolo ka pa chiwongolero. Mafuta a buleki a DOT 3 ndi DOT 4 amadya penti, ya 2K yomwe, ndipo akadontha atsukeni ndi madzi ambiri nthawi yomweyo musanayambe kupukuta.